Utsi ndi Chimfine: Zoti Muchite Chisanu Chikafika ku Dedza

Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri lake imafika mamita 2,198. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Chongoni, zitseko zimatsekedwa dzuwa likangolowa, mbaula n'kulowa m'nyumba. Ana akayamba kuchucha mamina ndi kutsokomola, timati ndi chisanu. Koma chimfine chimabwera ndi kachilombo, ndipo utsi ndi umene umakalambulira njira. M'njira za mpweya muli tiubweya tosaoneka ndi maso timene timakankhira kunja makhololo ndi tizilombo. Utsi ukatifooketsa, chimfine wamba chimatha kutsikira m'mapapo n'kusanduka chibayo.

Yambani ndi nkhuni. Zaziwisi kapena zonyowa ndi nkhungu zimangofuka osayaka. Ziwazeni zikhale zing'onozing'ono, muziunjike pakhonde kapena pansi pa nkhokwe kuti ziume. Paini wa m'phirimu amayaka msanga, koma utomoni wake umachita mwaye wambiri. Ndipo chonde lekani kuyatsira moto majumbo ndi zidutswa za masilipasi. Tsekera ndi zitsononkho zouma zimagwira ntchito yomweyo.

Chachiwiri ndi chachikulu kuposa zonse: mwana achoke pa utsi. Mayi akawerama kupemerera moto pamafuwa, khanda lili kumbuyo limakoka utsi womwewo, chikhalirecho ilo limapuma mofulumira kuposa wamkulu. Pophika, mwana atengedwe ndi agogo, mchemwali wake kapena bambo ake. Inde, abambo, kubereka mwana nsima ikuphikidwa sikuchotsa ulemu wa munthu. Kukacha bwino, phikirani panja. Ngati n'kosatheka, boolani zenera kumtunda kwa khoma la khitchini, lina moyang'anana nalo. Yang'anani tsindwi: ngati lada bii ndi mwaye, dziwani kuti wophikayo akupuma zomwezo tsiku ndi tsiku.

Chitetezo mbaula ndi yabwino, imadya nkhuni zochepa, koma musaiyese katemera. Kafukufuku wa CAPS amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, zotsatira zake n'kutuluka mu 2016, anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zokhala ndi fani sizinachepetse chibayo mwa ana osafika zaka 5. Ine ndimaona kuti nkhani yagona poti utsi sumachokera pophikira pokha. Pali koloboyi, fodya wa abambo, zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, mauvuni a njerwa, ndi moto wa osaka mbewa umene umaphimba phiri kuyambira mu Ogasiti. Zinyalala zikwirireni, mapesi muwasiye m'munda awolerane.

Usiku, makala muwayatsire panja mpaka apse psuu, otheranipo zenera lili lotsegukako, ndipo mbaula ituluke musanagone. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Mutu, chizungulire ndi nseru zikagwira banja lonse nthawi imodzi, tulukani panja msanga, muthamangire kuchipatala. Kuzizira kuthane ndi mabulangete, zipewa ndi masokosi.

Chimfine chikalowabe, wodwala amwe madzi ambiri, khanda lipitirize kuyamwa, ndipo musagule maantibayotiki pa okala. Mwana akakhala phee, muvundukuleni pachifuwa, muwerenge mpweya wake kwa mphindi imodzi, wotchi ya pafoni ili m'manja. Wosafika miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, pitani tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati, akamakana bere, kapena akamakomoka, musadikire kuti kuche. Onaninso m'buku la kusikelo ngati analandira katemera wa chibayo, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2011. Wamkulu amene watsokomola masabata awiri akapereke makhololo, amuyeze chifuwa chachikulu.