Phunziro la Kukhitchini: Kuwira, Kuyeza ndi Kutsuka

Ku Tsangano ndi ku Macanga, nyengo yokumba mbatata ya kachewere ikafika, amayi amakhala kudimba kapena kumsika tsiku lonse, ndipo mthiko umatsalira mtsikana kapena mnyamata amene akungophunzira kumene kuphika. Phunziro la lero ndi lanu, inu ophika atsopano.

Tiyambe ndi mawu akuti kuwira. Madzi akayamba kulira mumphika kapena kutulutsa nthunzi, ndiye kuti angotentha. Madzi owira ndi amene akubwadamuka. Ngati ndi akumwa, asiyeni abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kenaka avundikireni kuti azizire. Ngati nkhuni zavuta, thirani mankhwala a Certeza, chitsekero chimodzi m'chigubu cha malita 20, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Abale athu a tsidya la Ntcheu ndi Dedza amawadziwa mankhwala otere kuti WaterGuard. Amene anaona kolera wa m'chaka cha 2023 mbali zonse ziwiri za malire safunikanso kuuzidwa chifukwa chake.

Kukazinga ndi kuphika m'mafuta, kutendera ndi kuthira nsinjiro m'ndiwo. Potendera mpiru kapena nkhwani musathire soda wambiri, ndipo masamba asapse mpaka kusanduka akuda, chifukwa mavitamini amawonongeka. Mbatata imene yasanduka yobiriwira kapena yaphuka ili ndi poizoni amene sathera pamoto. Sendani mozama, ndipo ikakhala yowawa itayeni.

Tsopano za kuyeza. Nsima timaiyeza ndi maso, palibe choopsa. Koma mwana akatsegula m'mimba, maso asagwire ntchito ya supuni. Paketi imodzi ya SRO, imene ena amati ORS, imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a theka la lita. Paketi ikasowa, thirani mu lita imodziyo masupuni 6 aang'ono a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Supuni yake ndi ya tiyi ija, osati yodyera phala, ndipo ikhale yosalaza, osati yotumphuka. Salazani ndi msana wa mpeni. Lawani musanampatse mwana: mchere wake usapose wa misozi. Agogo ena amati kuchulutsa mchere n'kulimbitsa mankhwala, koma mchere wambiri umamuika mwana pangozi. Madziwa akatha tsiku limodzi, atayeni mukonze ena. Mwana akamalephera kumwa, akamasanza chilichonse kapena mukaona magazi m'chimbudzi chake, thamangirani kwa APE wa m'mudzi mwanu kapena kuchipatala.

Ntchito yophika sithera pa kupakula. Mbale, mthiko ndi chipande zitsukidwe mukangotha kudya, ndi sopo kapena phulusa, ndipo muzitsukuluze m'madzi ena oyera. Ziyanikeni pa thandala padzuwa, pamene agalu, nkhuku ndi nkhumba sizifika. Kansalu kopukutira mbale kakhoza kudetsanso mbale zimene mwatsuka kale, choncho lolani dzuwa liumitse. Mpeni umene mwadulira nkhuku yaiwisi usakhudze tomato musanautsuke.

Mkute wa dzulo uvundikiridwe usiku, ndipo m'mawa muutenthetse mpaka utuluke nthunzi pakati pomwe. Phala la mwana lokha muphike latsopano.