Kodi dzina lakuti dummy linachokera kuti?

Kamphira kamene makolo ena amalowetsa m'kamwa mwa khanda kuti lileke kulira kali ndi mayina angapo m'Chingerezi. Ku America amati pacifier, ku Britain ndi ku South Africa amati dummy, pamene ku Canada ambiri amati soother, kutanthauza chotonthozera. Mwa mayina atatuwa, limene silibisa kanthu ndi dummy.

Tiyambe ndi pacifier. Muzu wake ndi mawu awiri a Chilatini: pax, kutanthauza mtendere, ndi facere, kupanga. Nyanja ya Pacific nayo dzina lake linachokera komweko, chifukwa Ferdinand Magellan anaipeza ili bata m'chaka cha 1520. Choncho pacifier ndi chodzetsa mtendere, ndipo dzinali silinama. Khanda limabadwa likudziwa kale kuyamwa. Kanthu kakangokhudza m'kamwa mwake, timilomo timagwira, lilime n'kuyamba kukoka, ndipo kuyamwako kumalikhazika mtima pansi ngakhale mkaka usatuluke. Anthu a ku Ulaya anazindikira zimenezi kalekale, moti ankamanga shuga kapena buledi m'kansalu n'kupatsa mwana kuti aziyamwa. Mu 1900, Christian Meinecke, wogulitsa mankhwala ku New York, analembetsa kuboma kamphira kokhala ndi kambale kotchinga pamilomo, koletsa mwana kukameza.

Dummy ndi mwana wa mawu akuti dumb, wosalankhula. M'kupita kwa nthawi, mawuwa anayamba kutanthauza chinthu chongofanizira chenicheni, monga chidole chachikulu chija amachiveka diresi pawindo la sitolo: chili ndi mapewa ndi chiuno, koma sichipuma. Angerezi ankati dummy teat, ndiye kuti nsonga ya bere yabodza, kenaka anangodula n'kutsala dummy. Apa ndi pamene dzinali likuposa anzake. Pacifier likunena zimene kholo likufuna, kuti m'nyumba mukhale bata. Dummy likunena zimene mwana walandira, bere lopanda mkaka.

Wina anganene kuti dzina ndi dzina basi, bola mwana watonthola. N'zoona kuti kamphiraka sikasintha ngakhale mukatchule bwanji, komanso mayi wotopa amene wapeza mpata wogona sanalakwe. Koma kulira ndicho chilankhulo chokhacho chimene khanda lili nacho, ndipo nthawi zambiri limakhala likunena njala. Bungwe la WHO limalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, ndipo mkaka umachuluka m'mawere mwana akamayamwa pafupipafupi. Kholo limene likukumbukira kuti lagwira bere labodza limayamba ladzifunsa kuti mwanayu anayamwa komaliza nthawi yanji, limayang'ana thewera, limakhudza pachipumi kuona ngati thupi latentha, kenaka n'kutsuka kamphirako m'madzi owiritsa lisanakapereke.