Manda a Alutera a ku Wola, mumzinda wa Warsaw: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mandawa ali pati, ndipo mwini wake ndani?

Ali mumsewu wa Młynarska, m'chigawo cha Wola, chakumadzulo kwa Warsaw, likulu la dziko la Poland. Amawayang'anira ndi mpingo wa Alutera wa Utatu Woyera. Kumeneko Alutera amadziwika ndi dzina lakuti Mpingo wa Evanjeliko wa Augsburg, potengera chikalata cha chikhulupiriro chawo chimene chinaperekedwa mumzinda wa Augsburg mu 1530.

Anayamba liti?

Anawapatula pa 2 May 1792. Nthawi imeneyo mizinda ya ku Ulaya inali itatopa ndi kuika maliro pambali pa matchalitchi, pakati pa nyumba za anthu. Malo ankachepa, fungo linkavuta, ndiponso anthu ankaopa matenda. Choncho manda anayamba kusamutsidwira kunja kwa mzinda. Akatolika anapita ku Powązki, Akalvini nawo anatsegula awo chaka chomwecho cha 1792 chapafupi pomwepo, ndipo mu 1806 Ayuda anakhazikitsa awo amene achita malire ndi a Alutera. Kale kunali kuminda. Lero mzinda unakula n'kuwazinga onsewo.

Anajambula pulani yake ndani?

Ndi Szymon Bogumił Zug, katswiri wa zomangamanga wobadwira ku Merseburg, m'dera la Saxony. Ndi yemweyo amene anamanga tchalitchi chozungulira cha Utatu Woyera pakati pa mzinda. Atamwalira mu 1807, anamuika m'manda omwe anawayala yekhawo.

Munthu akalowa amaona chiyani?

Amaona mitengo ikuluikulu, mpanda wa njerwa, ndi tinjira towongoka topatsidwa manambala. Wofuna manda a mbale wake amangofunika kudziwa nambala ya njira ndi nambala ya manda, basi. Kwathu kuno munthu sangolowa kumanda popanda chifukwa, koma kumeneko pakhomo amatsegula masana, ndipo ena amabwera kudzangoyenda n'kumawerenga mayina.

Nyumba imene imakopa maso kwambiri ndi kachisi wa banja la Halpert, womangidwa mu 1835. Ali ndi nsanamira kutsogolo ngati akachisi akale a Agiriki. Anamangitsa ndi mayi Maria Halpert pokumbukira mwamuna wawo, koma pambuyo pake mpingo wonse unayamba kuchitiramo mwambo wa maliro. Palinso kachisi wamng'ono wa banja la Braeunig, wa 1821, wopangidwa ndi chitsulo chosungunula osati miyala. N'zosadabwitsa: ambiri mwa akhristu a mpingowu anali amisiri ndi eni mafakitale, ndipo luso lawo analitengera mpaka kumanda.

Kodi si manda a Ajeremani chabe?

Funso limeneli ndiye phata la nkhani. Ku Poland, kumene anthu ambiri ndi Akatolika, kunali chizolowezi choganiza kuti Mlutera aliyense ndi Mjeremani. N'zoona kuti mabanja ambiri anachokera ku mayiko olankhula Chijeremani, kudzafuna ntchito ndi malonda. Koma yendani pang'onopang'ono muwerenge ziliza. Pa banja limodzi mupeza chiliza cha agogo cholembedwa m'Chijeremani, cha mdzukulu m'Chipolishi, dzina la makolo lili lomwelo.

Taonani amene agona muno. Samuel Bogumił Linde, amene anamwalira mu 1847, ndiye analemba mtanthauziramawu wamkulu wa Chipolishi, mabuku 6 amene anatuluka pakati pa 1807 ndi 1814. Wojciech Gerson, katswiri wojambula zithunzi amene anaphunzitsa ojambula ambiri a ku Poland, anaikidwa muno mu 1901. Mulinso banja la Wedel, limene linayamba malonda a chokoleti mu 1851; mpaka lero dzinali lili m'masitolo a dziko lonselo. Wonena kuti anthu otere anali alendo, ndiye kuti sanawerenge bwino mbiri ya Warsaw.

Nanga n'chifukwa chiyani manda a Bishopu Bursche alibe mtembo?

Juliusz Bursche anali mtsogoleri wa Alutera a ku Poland, ndipo ankalimbikira kuti mpingo wake ndi wa dziko la Poland, osati nthambi ya Germany. Chipani cha Nazi sichinamukhululukire. Anamugwira mu 1939, anamutsekera kundende ya Sachsenhausen, ndipo anafera m'manja mwawo ku Berlin mu February 1942. Abale ake sanapatsidwe thupi. Chimene chili ku Młynarska ndi chiliza chomukumbukira chabe.

Kodi nkhondo zinawakhudza mandawa?

Kwambiri. Adani ankakonda kulowera mumzindawu kudzera ku Wola, ndipo mpanda ndi ziliza zinali pobisalira pabwino kwa asilikali. Kunamenyedwa nkhondo mu 1794, pa kuukira kotsogozedwa ndi Tadeusz Kościuszko, komanso mu 1831 pamene asilikali a Russia ankalanda mzindawu. Zoopsa zedi zinachitika mu August 1944, anthu a mu Warsaw ataukira Ajeremani. Kwa masiku angapo ankamenyana pakati pa manda penipeni, kwinaku anthu wamba zikwizikwi akuphedwa m'misewu ya Wola. Ziliza zambiri zinagumuka, ndipo zina zikadali ndi mabowo a zipolopolo.

Akuikabe maliro mpaka pano?

Inde, mandawa akugwirabe ntchito. Vuto lili pa ziliza zakale za mabanja amene anatha kapena anabalalika ndi nkhondo, moti palibe wozisamala. Alutera ku Warsaw lero ndi ochepa, sangathe kukonza zonse paokha. N'chifukwa chake kumayambiriro kwa November, pamene anthu a ku Poland amakhamukira kumanda ndi makandulo ndi maluwa, anthu odzipereka amaima pakhomo ndi timabokosi kupempha chopereka. Ndalamazo ndi zimene amalipira amisiri otsuka miyala, omata ming'alu ndi odzutsa ziliza zimene zinagwa.