Madzi anafafaniza malire a dimba: tikasume kapena tipeze mkhalapakati?

FUNSO

A Loya,

Ndine mlimi wa ku Makhanga, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo, m'boma la Nsanje. Dimba langa linachita malire ndi la msuweni wanga. Malirewo anali ngalande ndi mitengo iwiri ya mango, koma madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anazula mitengoyo n'kukwirira ngalandeyo ndi mchenga. Kuyambira pamenepo, nthawi yobzala chimanga ikakwana iye amalowerera mizere khumi mbali yanga, ati ndi pake. Tinasiya kulankhulana, ngakhale pamaliro sitipatsana moni. Ine ndikufuna kukasuma, koma akumpingo akuti tiyambe takhala pansi ndi mkhalapakati. Kodi kumeneko si kutaya nthawi? Nanga ndikavomera, sindiye kuti ndagonja?

Mlimi wodandaula, Makhanga

YANKHO

Bambo, kuvomera kukambirana si kugonja, ndipo sikukulandani ufulu wokasuma zikakanika.

Woweruza amamva mbali zonse, n'kugamula, ndipo chigamulocho chimakumangani, mufune musafune. Mkhalapakati alibe mphamvu imeneyo. Sanena wolakwa, salipiritsa chindapusa. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti aliyense walankhula ndipo wamvedwa, mpaka eni nkhani mutapeza nokha mfundo imodzi. Mfundo imene simunaivomereze siingakumangeni.

Nkhani yanu ndi yoyenera njira imeneyi. Bwalo limayendera umboni, pomwe umboni wanu unapita ndi madzi. Kuchigwa kuno Shire ndi Ruo zasefukira kangapo, monga mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023, ndipo madzi akaphwa nthaka siioneka monga inalili. Mwina msuweni wanu akukhulupiriradi kuti mizereyo ndi yake. Komanso wogonja kubwalo sasamuka: mawa mudzakumana naye kudimba komweko, makasu ali m'manja.

Poyamba sankhani munthu amene nonse awiri mukumukhulupirira, wopanda mbali komanso wosayembekezera phindu pamalowo. Akhoza kukhala mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, kapena munthu wophunzitsidwa ntchitoyi ndi mabungwe monga CCJP ya Dayosizi ya Chikwawa. Malume amene anadandaulirapo kale mbali imodzi sangathe. Adziwitseni anyakwawa, chifukwa malo ndi a makolo.

Tsiku lokumana, mkhalapakati amayamba ndi malamulo: wina akamalankhula, winayo asamudule mawu, kutukwana ayi, zokambidwa pamenepo zisakamveke kumsika. Nkhani ikatentha, amatha kukumana ndi aliyense payekha. Kumeneko n'kumene zenizeni zimatuluka. Inu mukuti "mizere khumi ndi yanga", koma dzifunseni chimene chikukuwawani kwenikweni. Ndi matumba a chimanga amene mwataya? Ndi chinyontho cha mbali imeneyo? Kapena n'chakuti analima osakuuzani, ngati ndinu mwana? Msuweni wanunso ali ndi chake: mwina mbali yaikulu ya dimba lake inakwiririka ndi mchenga ndipo akusowa podyetsera ana.

Zimenezi zikadziwika, njira zimachuluka kuposa zimene bwalo lingapereke. Mutha kugawana mizereyo. Mutha kumubwereka kwa nyengo ziwiri, iye atavomereza pamaso pa mboni kuti malo ndi anu. Akhoza kukupatsani chimanga ngati chipepeso. Musakambirane muli pakhonde pokha. Pitani kudimbako ndi achikulire amene anaona malire akale komanso olima moyandikana nanu, muyeze ndi chingwe kuchokera pa chinthu chimene madzi sanasunthe.

Mukagwirizana, lembani. Pepalalo linene mayina, tsiku, pamene malire ayambira ndi pamene athera, zimene aliyense achite ndi nthawi yake. Nonse musayine kapena kudinda chala, mboni nazonso, ndipo aliyense asunge lake, lina lipite kwa anyakwawa. Akazi ndi ana akuluakulu a mabanja onse awiri akhalepo, chifukwa mikangano yambiri ya malo imadzukanso eni pangano atamwalira. Pamalirepo bzalani vetiva tsiku lomwelo.

Zikakanika, njira ya malamulo ikadalipo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa mabwalo oweruza mikangano ya malo, kuyambira kwa mfumu yaikulu, kenako paboma, mpaka bwalo la dziko lonse. Dziwaninso kuti ngakhale mutakafika ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, malamulo a khotilo a 2017 amafuna kuti milandu yambiri yosakhudza upandu iyambe yadzera kwa mkhalapakati isanazengedwe. Ndiye chimene mukuchikayikira lero mutha kukachipeza komweko, mutawononga kale ndalama zoyendera. Ngati mukufuna uphungu musanasayine chilichonse koma mulibe ndalama za loya, funsani ku Legal Aid Bureau.

Chenjezo ndi ili: si nkhani iliyonse yoyenera mkhalapakati. Ngati msuweni wanu wakuopsezani ndi chikwanje kapena wavulaza munthu, pitani kupolisi. Kugwiririra, kuchitira ana nkhanza ndi kumenyana koopsa m'banja si nkhani zothera pansi pa mtengo. Pamene mmodzi akulankhula ali ndi mantha, palibe mgwirizano weniweni.

Ngati zoterezi palibe, auzeni akumpingo aja kuti mwavomera, ndipo mukumane madzi asanaphwe kudimba. Mbewu ikalowa m'nthaka, aliyense amaumirira pake.