Kulumikiza chimango cha kagalimoto kokwera miyala

Amene anakula akupinda mawaya n'kupanga galimoto yoyendetsa ndi ndodo, ntchito iyi siimuvuta kumvetsa. Kusiyana kwake n'kwakuti timagalimoto ta rimoti tokwera miyala, monga Axial SCX10, timagubuduzika n'kumenyetseka pathanthwe, ndiye chimango chake chimafunika cholumikiza ndi moto. Makina wamba owotcherera ndi magetsi amaboola timapaipi topyapyala. N'chifukwa chake ambiri amachita brazing, kusungunulira kawaya ka siliva pamfundo koma chitsulocho osasungunuka.

Pezani mapaipi achitsulo a mabuleki a galimoto, a mamilimita 4.76, kawaya kokhala ndi siliva 56 peresenti monga Harris Safety-Silv 56, flux yoyera (mankhwala opaka pamfundo), ndi tochi ya gasi wa MAPP. Ya propane imathekanso, kungoti imachedwa.

Yambani ndi pepala. Jambulani chimangocho pamsinkhu wake weniweni, ndipo pindani mbali yakumanja ndi yakumanzere nthawi imodzi kuti zifanane. Kenako palani mapaipi ndi sandipepala mpaka awale. Ena amakhala okutidwa ndi zinc, ndipo utsi wake umadwalitsa, choncho gwirirani ntchito pabwalo.

Pamene ambiri amalephera ndi pamfundo. Nsonga ya paipi muiseme ndi tupa yobulungira mpaka ioneke ngati kukamwa kwa nsomba, kuti ikumbatire inzake bwinobwino. Yesani, semaninso, yesaninso. Siliva wosungunuka amayamwidwa ndi kampata kochepetsetsa, ngati mmene palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Mpata ukakula amangodontha pansi, ndipo ndalama zake si zamasewera. Ine ndimaona kuti mphindi khumi za tupa n'zofunika kuposa tochi yodula.

Ikani zidutswazo panjerwa zosaphulika ndi moto, muzigwiritse ndi mawaya kapena maginito, koma maginitoyo akhale patali chifukwa kutentha kumawapha mphamvu. Paipi yomwe itsekeke mbali zonse muiboole kabowo kotulukira mpweya. Pakani flux pamfundo.

Tsopano moto. Tenthetsani chitsulo, osati kawaya. Flux imayamba yauma n'kuyera, kenako imasanduka ngati madzi; apo ndiye kuti mwafika pafupifupi madigiri 600. Gunditsani kawaya pamfundo, ndipo siliva, amene amayenderera pafupifupi pa madigiri 650, athamangira yekha kumene kwatentha kwambiri. Akangozungulira, chotsani moto. Flux ikada bii, mwapsereza: dikirani chizizire, palaninso, yambiraninso. Mfundo ina ikakhala pafupi, ikulungeni ndi kansanza konyowa kuti isamasuke.

Chimango chizizire chokha. Kenako tsukani zotsalira za flux ndi madzi otentha ndi bulashi ya waya, apo ayi zidzabweretsa dzimbiri pansi pa penti. Musanapente, chipotokoleni ndi manja mwamphamvu. Mfundo yofooka ithyokere m'manja mwanumo, osati pamwala.