Kugumuka kwa Cipale m'Mapiri a Alps

Ku Ulaya kuli mapiri atali, dzina lao Alps. Nyengo ya cisanu kumagwa cipale, ndico madzi oundana, oyera ndi ofewa ngati ufa.

Cipale sicigwa tsiku limodzi lokha ai. Cimayalana monga mphasa, ina pamwamba pa inzace. Ya pansi ikakhala yofumbutuka ngati shuga, ya pamwamba siigwira zolimba. Pamenepo munthu mmodzi yekha, poponda pamalo otsetsereka, angathe kugumula cipale cambiri. Nthawi zina cigumuka cokha, makamaka cikagwa cocuruka ndi mphepo yaikuru. Cimatsika ndi liwiro loposa galimoto, nicithyola mitengo, nicikwirira nyumba. M'caka ca 1999 cinapha anthu 31 m'mudzi wa Galtür ku Austria.

Cifukwa cace wapaulendo wanzeru sakhulupirira maso ace okha, pakuti ngozi iri pansi posaoneka. Ayamba wamva mau a akatswiri, monga a ku Davos m'dziko la Switzerland, amene amayesa cipale nalengeza ukuru wa ngozi, kuyambira 1 kufikira 5. Sayenda yekha. Anyamula fosholo, ndodo yaitali yofufuzira, ndi kawailesi kosonyeza pamene munthu wakwiririka. Wofukulidwa mphindi 15 zisanathe kawirikawiri apulumuka. Anzace akacedwa, mpweya umthera.

MAFUNSO
1. Kodi cipale cimayalana bwanji paphiri?
2. Nanga n'cifukwa ninji wapaulendo sayenda yekha?