Udotolo wa Thupi Lonse Kapena wa Mano?

Mnyamata kapena namwali amene wapambana mayeso a sayansi afika pamphambano: kodi aphunzire udotolo wa thupi lonse, kapena wa mano? Sukulu ya udotolo ya University of Zambia inayamba m'caka ca 1966, ndipo m'caka ca 2011 Copperbelt University inatsegula ina ku Ndola, kumene aphunzitsa zonse ziwiri.

Makolo ambiri ayesa kuti nchito ya mano ndi yopepuka. Iai ndithu. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, koma limodzi lokha likabvunda limsowetsa tulo, nilimletsa kugwira khasu. Ndipo mafinya ace akafalikira kukhosi angathe kumupha. Komabe kumidzi kwathu madotolo a mano asowa.

Tsono mwanawe, dziyese wekha. Dotolo wa mano ayenera kukhala ndi manja odekha ndi maso akuthwa, pakuti m'kamwa ndi mothina. Wa thupi lonse ayenera kukhala wopirira, pakuti adzutsidwa usiku, nayang'anira odwala kufikira imfa.

Inu makolo, musamsankhire mwana cifukwa ca ulemu. Mfunseni: mphatso yako ili pati, ndipo osowa thandizo lako ndi ati?